Udzu uyambe, ufa wa miyala ubwere pambuyo

Akonzi,

Tiloleni tiyankhulepo pa nkhani imene ikumveka m'magulu a alimi kuno ku Mangochi, yakuti munthu akabzala udzu wa ziweto n'kuthira ufa wa miyala m'munda, nthaka yoguga imabwerera mwakale ndipo feteleza safunikanso. Chigwereni kwacha mu Novembala 2023, alimi ambiri thumba la feteleza amangoliona m'sitolo, choncho n'zosadabwitsa kuti uthenga wotere akuulandira ndi manja awiri. Mbali ina ya uthengawu ndi yoona. Mbali ina ikhoza kumuluzitsa munthu ndalama ndi chaka chathunthu cha ulimi. Ife amene ntchito yathu ndi ya nthaka ndi ziweto tikuti udzu uyambe, khola litsatire, ndipo mwala ubwere pomaliza, m'minda yokhayo imene ungathe kusungunukamo.

Boma lathu lilibe nthaka ya mtundu umodzi. M'mbali mwa nyanja, kuchokera ku Makanjira kutsika ku Lungwena ndi Malindi, ngakhalenso tsidya la Monkey Bay, minda yambiri ndi yamchenga. Mozungulira nyanja ya Malombe ndi m'madambo muli makande, dothi lakuda lija long'ambika m'chilimwe. Mukakwera ku Namwera, Masuku ndi Katuli mupeza katondo wofiira, mvula yambiriko, ndi minda yotsetsereka. Malo atatuwa sangalandire mankhwala amodzi. Chimene akufanana n'chakuti zinyalala zowola m'dothi zatha. Kuno kumatentha, ndipo kukatentha zowola zimapsereza msanga. Tikawonjezapo moto wa chaka ndi chaka, m'dothi simutsala kanthu kogwira madzi kapena feteleza.

Amene akukayika atenge khasu mu Febuluwale akumbe pambali pa phesi la chimanga, m'munda umene walimidwa mizere zaka zambiri. Pa masentimita 15 kapena 20 khasu liyamba kulira ngati lagunda njerwa. Azule phesilo aone mizu: m'malo moloza pansi, yapindikira m'mbali ngati zala za dzanja lotambasulidwa pa tebulo. Chimanga chotero chimamwa madzi a mu mzere okha, n'chifukwa chake ng'amba ya masabata awiri imachipinda masamba pamene udzu wa m'malire mwa munda womwewo uli biriwiri.

Ntchito yaikulu ya udzu ili pamenepo, pansi. Mizu ya nsenjere ndi ya udzu wotchedwa brachiaria imaboola dothi lolimbalo n'kutsika mita imodzi kapena kupitirira. Nthawi iliyonse mukamweta, mizu ina imafa n'kuwolera momwemo, kusiya tinjira ta madzi ndi mpweya, ina yatsopano n'kumera. Manyowa otero palibe amene amawanyamula pamutu, ndipo moto suwafika. Mizu yakuyayo imatolanso potaziyamu ndi michere ina imene mvula inatsitsa, n'kuikweza m'masamba. Koma tinene poyera kuti udzu supanga nayitirojeni monga amachitira nandolo, mtedza, khobwe kapena msangu. Umadya nayitirojeni, ndipo umadya kwambiri. Amene waiwala zimenezi ndiye amadzati udzu unamuphera munda.

Nsenjere timaidziwa tonse, imamera yokha m'mbali mwa mitsinje. Imafuna chinyezi ndi manyowa, motero malo ake ndi kumtunda, m'madimba ndi m'mphepete mwa madambo osadikha madzi. Sankhani tsinde lokhwima ku phata lathanzi, mulidule zidutswa za mfundo zitatu. Mfundo ziwiri zilowe m'dothi mopendekeka, imodzi itsale kunja, maso ataloza kumwamba, chifukwa chidutswa chozondoka sichiphuka bwino. Mizere italikirane masentimita 90, mapando masentimita 60, ndipo phando lililonse lilandire manyowa owola odzaza manja awiri. Bzalani mvula itakhazikika, osati pa chizimalupsa, poti chidutswa chikakhala m'dothi louma chiswe chimachimaliza. Phata lamasamba achikasu, lopinimbira ndi lophukira tinthambi tambirimbiri musatengeko mbewu, mulizule ndi kulitentha, chifukwa matenda ake amayenda ndi zidutswa. Kumweta koyamba kuchitike pakatha miyezi itatu kapena inayi, udzu utafika mita imodzi, kenaka masabata 6 mpaka 8 aliwonse nthawi ya dzinja. Siyani chitsa cha masentimita 10 mpaka 15. Nsenjere ikapitirira msinkhu wa munthu yasanduka bango, ng'ombe imangobudula masamba n'kusiya zina zonse.

Kumchenga ndi kumalo a mvula yochepa, Rhodes ndiye amapirira. Alimi a fodya a ku Namwera amaudziwa udzuwu, makamaka mtundu wa Katambora, umene minda ya fodya inkagonekedwa nawo zaka zitatu kapena zinayi pofuna kuchepetsa tinyongolotsi totupitsa mizu. Njere zake n'zopepuka ngati mankhusu, ndiye muzisakanize ndi mchenga wouma kuti zifesedwe mofanana. Makilogalamu awiri a mbewu yabwino amakwana ekala. Cholakwika chofala n'kukwirira ndi khasu. Njere ya Rhodes ikapitirira sentimita imodzi pansi siituluka. Fesani pa dothi losalazidwa bwino, kokanipo nthambi ya mtengo, kenaka pondanipo ndi mapazi kuti njere igwirane ndi dothi. Udzuwu ndi wabwinonso kuumitsa: mwetani ukangoyamba ngayaye, uyanikeni masiku awiri kapena atatu mukuutembenuza, muusunge pa thandala pansi pa denga. Umenewo ndiwo udzapulumutse mbuzi mu Okutobala.

Brachiaria ndi amene akutchuka m'nkhani zochokera ku Brazil, ngakhale kwawo kwenikweni ndi kuno ku Africa. Mbewu yake imafunika makilogalamu atatu pa ekala, m'mizere yotalikirana masentimita 50, kuya kwake sentimita imodzi kapena awiri. Popeza njere zake n'zodula ndipo nyerere zimazituta, njira yosataya ndalama n'kufesa pa nazale, kuwokera pakatha masabata 4 mpaka 6, ndipo chaka chotsatira kumang'amba mapata n'kumawonjezera munda. Pali chenjezo limene ogulitsa mbewu satchula kawirikawiri, koma m'boma la mbuzi zambiri ngati lino n'lofunika. Mitundu ina ya brachiaria, makamaka Basilisk, imawononga chiwindi cha nkhosa ndi mbuzi zazing'ono zikamadya udzu wokhawo. Makutu ndi nkhope zimatupa, khungu limasupuka, maso amachita chikasu, ndipo chiweto chimathawa dzuwa. Mukaona zotere chichotseni pa udzuwo, chikhale pamthunzi, muitane mlangizi wa ziweto. Kupewa kwake n'kuyamba pang'onopang'ono ndi kusakaniza ndi masamba a nandolo, masangwe a mtedza kapena gilisidiya.

Ku Brazil amafesa brachiaria m'kati mwa chimanga, akakolola udzu umatsala utaphimba munda, kenaka amaupha ndi mankhwala n'kubzala soya ndi makina. Mlimi wa khasu asatengere zimenezi osaganiza. Munda wonse ukagwira brachiaria, kuutipula ndi manja ndi ntchito yothyola msana, komanso kunyanja kuno udzu wofesedwa msanga umalanda chimanga madzi. Chotheka n'kupatula chigawo chimodzi mwa zinayi, chija chotopetsetsa chimene kaufiti wamangapo mudzi, n'kuchipatsa udzu zaka ziwiri kapena zitatu. Chaka choyamba mukhoza kufesa udzuwo mutatha kubandira, chimanga chili ndi masabata asanu kapena asanu ndi limodzi, kuti musataye zokolola za chaka chimenecho. Amene alibe malo opatula abzale udzu pa akalozera ndi m'malire. Nsenjere italikirane ndi mzere woyamba wa chimanga mita imodzi, poti mizu yake imayenda m'mbali. Pamalo otsetsereka kwambiri vetiva ndiye woyenera kugwira dothi, ngakhale ziweto sizimukonda.

Tsiku lobwezera chigawocho ku mbewu lili ndi msampha wake. Mukatipula udzu mu Novembala n'kubzala chimanga pomwepo, chimamera chachikasu ngati chathiridwa madzi otentha. Chifukwa chake n'chakuti tizilombo towoletsa mizu ya udzu timayamba tatenga nayitirojeni yense wa m'dothi, n'kudzamubweza pakapita miyezi. Tipulani mu Malichi kapena Epulo dothi likadali lofewa, kuti mizu iyambe kuwola chinyezi chisanathe. Mbewu yoyamba ikhale mtedza, soya kapena nandolo, chimanga chibwere chaka chachiwiri.

Tifike pa khola, pamene ambiri amagwera. Tani imodzi ya nsenjere youma imachoka m'munda ndi potaziyamu wokwana makilogalamu 20 mpaka 30, ndi nayitirojeni pafupifupi makilogalamu 15. Munthu amene amamweta chaka ndi chaka, kudyetsa ziweto kapena kugulitsa, ndowe osabweza, akukumba munda wake mofulumira kuposa wolima chimanga. Chiweto chimasunga m'thupi gawo lochepa la michereyi, yambiri imatuluka. Ndipo potaziyamu wambiri pamodzi ndi pafupifupi theka la nayitirojeni satulukira mu ndowe ayi, amatulukira mu mkodzo. Khola lopanda denga ndi lopanda zoyala, limene mvula ikagwa madzi akuda amayenderera kupita kuseli kwa nyumba, likutaya gawo labwino la manyowa. Yalani mapesi oduladula kapena udzu wouma wokhuthala ngati chikhatho, muziwonjezera pakanyowa, ndipo pakatha milungu ingapo kokolani zonse muunjike pamthunzi n'kuphimba ndi dothi kapena udzu. Pansi pa khola la mbuzi lam'mwamba yalaninso chimodzimodzi. Mulu ukhale wonyowa moti mukafinya m'manja ugwirane koma osadontha. Zikani ndodo pakati: ikatuluka yotentha pakatha masiku atatu kapena anayi, ntchito ikuyenda. Ikatuluka yozizira ndi yoyera nkhungu, mulu wauma. Ikatuluka yonunkha zovunda, madzi achuluka, tembenuzani. Mbuzi yaikulu imadya udzu wauwisi makilogalamu 4 kapena 5 pa tsiku, ng'ombe ya mkaka 50 kapena kuposa, choncho werengani ziweto musanawerenge mizere.

Tsopano mwala. N'zoona kuti dothi limachokera ku miyala, ndipo n'zoona kuti mwala wogayidwa bwino umatulutsa kashiamu, maginiziyamu, potaziyamu ndi tizidutswa ta michere ina. Dziko la Brazil linavomereza ufa wa miyala m'malamulo ake a zipangizo za ulimi mu 2013, ndipo mu 2016 linaika miyeso: kashiamu, maginiziyamu ndi potaziyamu pamodzi asachepere 9 pa 100, potaziyamu yekha asachepere 1 pa 100, ndipo mwala woyera wonga galasi uja wotchedwa quartz usapitirire 25 pa 100. Anaika miyesoyi chifukwa si mwala uliwonse umadyetsa mbewu. Umene umagwira ntchito kwambiri ndi wakuda, wolemera, wa njere zosaoneka bwino, monga basalt ndi dolerite. Kwathu kuno basalt amapezeka kuchigwa cha Shire, m'madera a Chikwawa ndi Nsanje. Mapiri ambiri a Mangochi ndi a miyala yotuwa ya mtundu wa granite ndi gneiss. Potaziyamu alimo ndithu, koma womangika mwamphamvu moti mdzukulu ndiye angadzamuone, ndipo gawo lina lalikulu ndi quartz, amene ndi mchenga basi. Kuthira fumbi la kwale (malo ophwanyira miyala) lotero m'munda wa ku Malindi n'kuthira mchenga pa mchenga.

Ngakhale mwala uli wabwino, tiwerengere limodzi. Thumba la makilogalamu 50 la feteleza wokulitsa wa 23:10:5 lili ndi nayitirojeni makilogalamu 11.5, fosifolasi 5 ndi potaziyamu 2.5, ndipo mbewu imayamba kudya sabata yomweyo. Thumba lolemera chimodzimodzi la ufa wa basalt lilibe nayitirojeni ngakhale pang'ono, potaziyamu ali pafupifupi theka la kilogalamu, fosifolasi kawirikawiri sapitirira magalamu 250, ndipo zimenezo zimatuluka pa zaka zingapo. N'chifukwa chake muyeso wake ndi wa matani, 2 mpaka 5 pa hekitala, kutanthauza matumba 16 mpaka 40 pa ekala imodzi. Mtengo weniweni wa ufa wa miyala ndi galimoto yonyamula. Munthu akakubweretserani kapaketi ka makilogalamu awiri n'kunena kuti kakwana ekala, kumbukirani chikomekome cha mkuyu.

Mwala umasungunuka ndi asidi, chinyezi ndi kutentha. Pa katondo wa kumtunda, ngati kuyeza kwaonetsa pH (muyeso umene ukatsika ndiye kuti asidi wachuluka m'dothi) yochepera 5.5 kapena 6, ufa uli ndi mwayi. Pa makande ndi m'minda ina ya kunyanja imene dothi lake lilibe asidi, ufa umangokhala momwe munauthirira. Kuyeza kwenikweni n'kwa ku labotale, ku Chitedze, ku Bvumbwe kapena ku ARET, kudzera kwa mlangizi wa dera lanu: tengani dothi la masentimita 20 apamwamba pa malo khumi m'munda, sakanizani mu ndowa yoyera, mutumize theka la kilogalamu. Poyembekeza zotsatira, donthezerani viniga kapena madzi a ndimu pa dothi louma. Likachita thovu, muli laimu kale, musathiremo ufa wa miyala kapena laimu wina. Mwala nawonso ukachita thovu ndi viniga, umenewo ndi wa laimu.

Ndipo kunena zoona, ufa wa mwala umene phindu lake n'lotsimikizika pa dothi la asidi ndi laimu wa ulimi yemweyo, amene miyala yake ili pafupi, ku Balaka. Tani imodzi kapena awiri pa hekitala, wosakanizidwa ndi dothi mwezi umodzi kapena iwiri mvula isanagwe, amamasula fosifolasi amene katondo amamanga. Musapyoze muyeso, makamaka pa mchenga, chifukwa laimu wochuluka amabisa zinki, chimanga n'kuchita mizere yoyera m'masamba. Musamusakanize ndi urea kapena kumuthira mu mulu wa manyowa, poti nayitirojeni amauluka, mudzamva fungo lolasa m'mphuno. Za mwala wa fosifeti wa ku Tundulu m'boma la Phalombe, anthu amafunsa chifukwa chake sitingougaya n'kuthira. Mwala umenewo ndi wa mtundu wouma wochokera ku moto wa pansi pa dziko, susungunuka msanga ngati wa ku Minjingu ku Tanzania, ndipo kuti uthandize chimanga m'chaka chomwecho umafunika kukonzedwa kaye ku fakitale.

Apa ndi pamene udzu ndi mwala zimakumanirana, ndipo n'chifukwa chake tikuumirira kuti udzu uyambe. Mizu ya udzu wosatha imakhala m'dothi chaka chonse ikutulutsa timadzi ta asidi ndi kudyetsa tizilombo timene timanyambita mwala pang'onopang'ono. Chimanga chimakhala m'munda miyezi inayi yokha, sichingadikire. Choncho malo a ufa ndi pa chigawo cha udzu, tsiku lokonza dothi, wosakanizidwa ndi masentimita 10 mpaka 15 apamwamba, kapena mu mulu wa manyowa, makilogalamu 5 pa wilibala iliyonse. Ukangowazidwa pamwamba pa dothi louma lopanda chomera, mphepo ya mwera ndi mvula yoyamba zimagawana. Zotsatira muziyembekeze chaka chachiwiri kapena chachitatu, poti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kusalala kwa ufa n'kofunika ngati mtundu wa mwala. Thirani supuni zitatu mu botolo la madzi, khutchumulani, muike pansi. Zimene zakhazikika mphindi imodzi isanathe ndi mchenga, sizikuthandizani m'zaka zanu. Zimene zatsala zikuderetsa madzi ndizo ufa weniweni, wosalala ngati simenti pakati pa zala. Fumbi la kwale lisefedwe ndi sefa ya ufa, zotsala pamwamba zipite ku zomangira. Musagayitse miyala pa chigayo cha chimanga, muwononga nyundo ndi sefa, ndipo anthu adzadya mchenga mu nsima. Posefa ndi pothira nyowetsani ufawo pang'ono, mumange nsalu yonyowa kukamwa ndi mphuno, ana akhale kutali. Fumbi la quartz ndi lomwe lija linawononga mapapo a azibambo ambiri amene anapita ku migodi ya ku Joni pa Wenela ndi Theba. Zotsalira za ku migodi musazithire m'munda zisanayezedwe, chifukwa miyala ina ili ndi zitsulo zoopsa zimene zikalowa m'dothi sizichokamo.

Amene akufuna kuyesa asayambe ndi ekala. Apime timinda tinayi ta mamita 10 mulitali ndi 10 mulifupi pa dothi lofanana. Koyamba alime monga mwa masiku onse, kachiwiri athire mawilibala awiri a manyowa, kachitatu manyowa omwewo ndi thumba limodzi la ufa, kachinayi thumba la ufa lokha. Thumba limodzi pa kamunda kotero ndi muyeso wa matani 5 pa hekitala. Mbewu, tsiku lobzala, feteleza ndi kupalira zikhale zofanana, ndipo zokolola ziyezedwe pa sikelo zitauma, osati ndi maso, kwa zaka zitatu. Kalabu imodzi ikachita zimenezi pa munda wa chitsanzo, mudzi wonse udziwa choona popanda aliyense kugulitsa mbuzi.

Zonsezi zimagwa ngati mudzi sunagwirizane pa zinthu ziwiri. Anthu akangokolola, ziweto zimatayiriridwa, ndipo chigawo cha udzu wobiriwira pakati pa minda youma chimaitana mbuzi za mudzi wonse. Zimadya mpaka chitsa, udzu wa chaka choyamba n'kufa. Chimene mbuzi zasiya, moto wa mu Ogasiti ndi Seputembala umamaliza. Mlimi payekha angathe kulambula mamita atatu kuzungulira chigawo chake ndi kutchinga ndi minga kapena mpanda wa gilisidiya, koma mpanda weniweni ndi lamulo la mudzi. Tikupempha mafumu athu, kuyambira a nyakwawa mpaka a T/A, kuti munda wa udzu wobzalidwa auone ngati dimba: mwini mbuzi yolowamo alipe monga amalipira ikadya masamba, ndipo woyatsa moto aitanidwe ku bwalo.

Ku boma tikupempha zinthu zotheka. Nthambi ya Geological Survey ku Zomba iyeze fumbi la malo ophwanyira miyala a m'chigawo chino cha kum'mawa, pamodzi ndi miyala ya mapiri a Chaone, Mongolowe ndi Chinduzi ku Machinga, imene ndi ya mtundu wa nepheline syenite wokhala ndi potaziyamu wosavuta kutuluka kusiyana ndi wa mu granite, ndipo zotsatira zilembedwe m'Chichewa ndi m'Chiyao. Malawi Bureau of Standards ikhazikitse muyeso kuti thumba lililonse la ufa wa miyala lizionetsa mtundu wa mwala, michere yake ndi kusalala kwake. Ndipo ofesi za zaulimi za Machinga ADD zikhale ndi munda wa mbewu ya udzu pa EPA (ofesi ya zaulimi ya m'dera) iliyonse, ku Nasenga, Nankumba, Chilipa, Ntiya ndi kwina konse, kuti pofika Disembala mlimi azipeza zidutswa za nsenjere yopanda matenda ndi mapata a brachiaria pa mtunda woti n'kupita pa njinga n'kubzala tsiku lomwelo.

Ife,
Alangizi a za nthaka ndi ziweto,
Mangochi